Tsiku Limene a Mbewe Anatsegula Ofesi Nthawi Isanakwane

A Yotamu Mbewe tinawaika m'manda sabata yatha, kukuwaza kamvula kosanyowetsa n'komwe fumbi. Abusa anandipempha kuti ndilembe mawu ochepa oika m'kapepala ka mpingo, poti ndine ndinagwira nawo ntchito zaka zawo zomaliza. Ndinavomera, ngakhale sukulu yanga ndi ya kumudzi ndipo alipo akulu amene anawadziwa ine ndisanabadwe. Mawu ochepawo andikanika. Ndinapita kwa amai Nabanda, akazi awo, kukafunsa ngati ndingalembe zonse, ndipo iwo anati ndilembe, chifukwa atopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi. Pamene ndalakwitsa, akulu andikonze.

Ana a masiku ano amawadziwa ngati agogo okhala pa benchi yakumbuyo m'tchalitchi, pafupi ndi chitseko, chipewa chili pa bondo. Ena ankaganiza kuti amafuna mphepo chifukwa cha chifuwa. Sadziwa kuti munthu ameneyu anakhala kutsogolo, pa benchi ya akulu a mpingo, zaka zambiri kuposa wina aliyense, ndipo kuti akakhosomola pang'ono achinyamata a kwaya ankasiya kunong'onezana.

Anali kalaliki wa kachipatala kathu ka mishoni, kufupi ndi Madzimoyo. Asanabwere kuno analemba m'maofesi a boma ku Chipata, tauniyo ikadali ndi dzina la azungu. Anali munthu wamtali, wowuma thupi, wovala jekete ngakhale mwezi wa Okutobala. Ankabwera pa njinga yakuda, miyendo ya thalauzi atamanga ndi mphira, m'thumba muli nshawa zokazinga zomwe ankadya imodziimodzi masana m'malo mwa chakudya. Kiyi wa ofesi ankamumangirira pa chingwe m'chiuno.

Ankafika m'mawa kwambiri, koma chitseko sankatsegula. Ankaimika njinga, n'kutsamira khoma la khonde, wotchi ili m'manja, kudikira eyiti koloko. Anthu ankakhala atadzaza pakhondepo, azimayi obereka ana, abambo ofuna mapepala a odwala awo, onse akumuyang'ana kiyi uja.

"Akalaliki, kiyi muli naye m'chiunomo, ife dzuwa latipsereza!" mayi wina ankatero.

"Kiyi ndili naye, amai. Nthawi ndiye sinafike."

"Ikafika ipeza tafa."

"Mukafa ndikulembani, koma eyiti ikakwana."

Anthu ankaseka mokwiya, iwo osaseka. Ankanena kuti kalaliki wotsegula msanga lero chifukwa cha nkhope ya munthu adzatseka msanga mawa chifukwa cha nkhope ya wina. Tsiku langa loyamba ndinaima nawo pakhondepo, manyazi atandigwira, ndikuyang'ana zala za kumapazi.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti cholembedwa sichifufutidwa. Pepala lililonse ankaliwerenga kawiri, akutsetsereza rula pansi pa mzere uliwonse, asanadinde sitampa. Akadinda, kwatha. Ndikukumbukira bambo wina wolima thonje amene anabwera ndi nkhuku kudzapempha kuti chaka chobadwa cha mwana wake chibwezedwe m'mbuyo, mwanayo alowe sukulu. A Mbewe anamuperekeza mpaka pa geti atamunyamulira okha nkhukuyo, akumufotokozera bwinobwino kuti mwana anabadwa kamodzi, ndipo iwo alibe mphamvu yomubadwitsa kachiwiri. Bamboyo sanawapatsenso moni mpaka imfa yake. Anthu otere analipo ambiri, ndipo a Mbewe ankaoneka kuti anazolowera.

Kompyuta inabwera chitangotha chilala chachikulu chija. Inali yogwiritsidwa kale ntchito, mphatso yochokera kunja kudzera ku ofesi ya ku Lusaka. Amene anaibweretsa anationetsa polemba mayina a obadwa, ogonekedwa ndi omwalira, natiuza kuti zina zonse tisakhudze. Poyamba a Mbewe ankaizungulira patali ngati galu wa eni. Koma atazindikira kuti makinawo amadziikira okha tsiku pa dzina lililonse, munthu osawauza, mtima wawo unagwa. Ankati tsopano apeza mnzawo wa ntchito wopanda mlamu, wopanda mwana wa mlongo, wosadya nkhuku. Anaphunzira kulemba ndi zala ziwiri, lilime lili pakona ya mlomo. Amai Nabanda anasoka chitenje chophimbira makinawo ku fumbi, ndipo kunyumba ankamva za makinawo tsiku ndi tsiku, kuti pa dziko lino chinthu chosanama chafika.

Kuti nkhani imveke ndiyenera kubwerera m'mbuyo, kwa Filimoni, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekha. Ine sindinamuone ali wamphamvu. Amati anali wanthabwala, wokonda kuseka atate ake powatsanzira kayendedwe. Atalephera kupeza malo ku koleji ya aphunzitsi chifukwa zaka zake zinali zitapitirira, anatenga kiyi atate ake akusamba, nakadzidindira pepala la zaka zochepa. A Mbewe atadziwa, analembera okha akulu a kolejiyo. Filimoni anachotsedwa. Madzulo a tsikulo, pabwalo, pamaso pa amai ake, anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo pawo, ndipo kuti iye sadzawatseka maso, iwonso sadzamutseka. Filimoni anapita ku Lusaka, ndipo panapita zaka.

Kwathu kuno mawu otere a kholo timawaopa. Akuluakulu amati amamutsata mwana kulikonse, ndipo kuti achoke, amene anawanena amwe madzi pang'ono, awalavulire pansi, anene kuti mawu anga oipa ndawachotsa, kenako madzi otsalawo amwe mwanayo. Mpingo wathu umaletsa mwambo umenewu. Amene ankauletsa kwambiri anali a Mbewe. Anaikapo pa chilango azakhali awo a amai Nabanda chifukwa cha zomwezo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo.

Filimoni anabwerako atatha thupi, ngati anyamata ambiri amene ankatsika basi zaka zimenezo. Poti kwa atate ake kunali koletsedwa, anafikira ku komboni ya Nabvutika, ku Chipata, kwa amalume ake, a Zakeyu Banda, mlongo wawo wa amai Nabanda, ogulitsa zitsulo za njinga pa msika. Matenda atakula anamubweretsa ku chipatala chathu. Anesi anamugoneka m'kachipinda ka yekha, polemekeza atate ake. Dzina lake ndinalemba ndine, a Mbewe atatembenukira ku zenera. Masiku onse amene anagona m'menemo, iwo ankadutsa pa chitseko chake m'mawa ndi madzulo akukankha njinga, khosi lili chowongoka.

Loweruka masana amai Nabanda anamusiya mwana wawo, nakwera pa njinga ya a Zakeyu kupita kunyumba kukapempha amuna awo komaliza. Anandiuza kuti anagwada, chinthu chimene miyendo yawo yotupa sinkalola.

"Atate ake Filimoni, madzi okha. Palibe adzaone."

"Mulungu adzaona."

"Ndiye aone kuti mwana wanu akufa ndi mawu anu pamutu."

A Mbewe anayankha kuti kuli bwino lilime lawo lidulidwe. Anadya, anawerenga Baibulo, nagona. Amai analephera kubwerera chifukwa cha miyendo, poganiza kuti a Zakeyu agona ku chipatala. A Zakeyu nawo anabwerera ku Nabvutika, poganiza kuti kwatsala anesi. Anesi anali mmodzi yekha tsikulo, ndipo anatanganidwa ndi mayi wina wovutika pobereka.

Amai podzuka Lamulungu anapeza amuna awo palibe, njinga palibe. Anaganiza kuti alawirira ku tchalitchi. Uthenga unawapeza akuvala duku.

Zimene zinaoneka ndi izi. Dzuwa litangotuluka, a Mbewe anakaitana anesi, nawauza kuti Filimoni wapita. Kenako anachita chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Anatsegula ofesi nthawi isanakwane, tsiku la Mulungu, navundukula chitenje pa makina, nalemba okha dzina la mwana wawo pa omwalira. Sanafune kuti ndiitanidwe, sanafune kuti mtembo udikire Lolemba. Pepala lotulutsira mtembo litatuluka, anadinda sitampa osatenga rula, osawerenga ngakhale kamodzi.

Akazi awo atafika, anawauza mawu ochepa. Anati anamupeza ali moyo, anapemphera naye, ndipo anamutseka maso. Amai analira, koma akuti kulira kwa tsikulo kunali ndi chitonthozo.

Pa maliro, a Zakeyu monga mwini mbumba ndiwo anayenera kufotokozera anthu mmene imfa inayendera. Anapempha pepala lija kuti asalakwitse. Ndinali pafupi, ndikuthandiza azimayi kutunga madzi, ndipo ndinawaona akuliyang'ana nthawi yaitali. Anapita pamene anakhala a Mbewe.

"Alamu, pepala ili walemba ndani?"

"Ndine."

"Sitampa iyi?"

"Yanga."

"Nanga tsiku amaika ndani? Si makina anu aja opanda mlamu?"

A Mbewe analandira pepalalo. Panali palembedwa Loweruka.

"Mlongo wanga mwamuuza kuti Lamulungu m'mawa," anatero a Zakeyu, mawu akukwera. "Makina akuti Loweruka. Ine ndinamusiya mwana akupuma ngati nkhuku yonyowa. Anafa yekha mumdima, inu munapeza thupi lozizira, ndiye mwati mutipusitse ndi pemphero. Timvere ndani, inu kapena mwana wanu wamagetsi uja? Paja mumati sanama."

Akulu anawakoka a Zakeyu, koma anthu anali atamva. A Mbewe anangoliwerenga pepalalo kawiri, chala chikuyenda pansi pa mzere.

Amai Nabanda sanakalipe. Anapitiriza kuphika, kuchapa, kusita jekete. Chinasintha n'chimodzi. Chibadwire mwana wawo ankaitana amuna awo kuti atate ake Filimoni, ngakhale zaka za mkangano zija. Kuchokera pa maliro anayamba kuwaitana kuti akalaliki, ngati mmene amaitanira anthu a pakhonde. "Akalaliki, madzi osamba ali ku bafa." Anandiuza kuti sankafuna kuwazunza. Kungoti akatseka maso ankaona mwana wawo ali yekha m'kachipinda kaja, akuyang'ana chitseko, mawu a atate ake akadali pa iye, ndipo iwo amai ake atamusiya kukagwadira munthu wouma mtima. Ankafuna kukhulupirira amuna awo. Koma amuna awo omwewo ndiwo anawaphunzitsa kuti pakati pa munthu ndi pepala, wokhulupirira munthu ndi wopusa.

Miyezi imeneyo a Mbewe anakalamba ndikuwaona. Ankafikabe msanga, ankatsamirabe khoma, koma wotchi ankaiwala kuiyang'ana, mpaka ine ndinkachita kukhosomola. M'mawa uliwonse ankayang'anitsitsa tsiku pa makina, ndipo linali lolondola. Ankayang'ananso masana, lolondola. Tsiku lina anandifunsa, osanditembenukira, ngati munthu angathe kukumbukira chinthu chimene sichinachitike. Ndinawafunsa ngati ndiwapangire tiyi. Omwalira ankachuluka chaka chimenecho, ndipo tinkalemba mayina a anthu amene tinawalembapo pa obereka chaka chathacho. Tonse pa chipatalapo tinali otopa, ndipo kutopa kwa munthu mmodzi sikunkaoneka.

Mvula itayamba, mphezi inagunda waya, makina anazima. Ku Lusaka anatumiza mnyamata wokonza, a Chanda, wovala magalasi ndi nsapato zoyera zomwe matope athu anazimaliza tsiku lomwelo. Atawadzutsa makinawo anatsegula malo amkati amene ife sitinkafikako, pamene dzina lililonse linali ndi ola lake, ndipo pambali pa olalo panali zilembo zitatu, CST. Anayang'ana, naseka.

"Mdala, kuno mumagwira ntchito usiku?"

"Timatsegula eyiti koloko," anatero a Mbewe.

"Apa zionetsa kuti tsiku lililonse dzina loyamba mumalemba pakati pa usiku, ndipo mumaweruka m'mawa. Makina awa thupi lili ku Madzimoyo, koma wotchi yake ikadali kwawo."

Anatifotokozera pang'onopang'ono, poona kuti sitikumva. Dzuwa silitulukira pamodzi pa dziko lonse, ndipo makina otere amasunga ola pamodzi ndi zilembo zosonyeza kuti ndi ola la kuti. Amene anatipatsa sanasinthe. Ine ndinafunsa mwamanyazi kuti zilembozo ndi za dziko liti. Anakanda mutu, nati pamenepo ndiye povuta, chifukwa zilembo zomwezo amazigwiritsa ntchito pakati pa Amerika, amazigwiritsanso ku China, ndiponso mbali ina ya Australia, ndipo makina sanena kuti akutanthauza kuti. Ku Amerika nthawi ili m'mbuyo mwa yathu, ku China ili patsogolo. Zilembo zokha sizingathandize munthu.

"Koma ngati mdala akunena zoona kuti satsegula eyiti isanakwane," anatero, "ndiye ndi Amerika. Pamene inu mukutembenuza kiyi, makina nawo ndi pamene akungolowa tsiku latsopano. Mukanatsegulako msanga ngakhale kamodzi, mukanaona kuti akadali dzulo."

A Mbewe anakhala pansi pa mpando wa odwala, umene sankakhalapo. Zaka zonsezo cholakwacho chinali kubisala kuseri kwa khalidwe lawo lomwe, ndipo chinatulukira tsiku limodzi lokha limene iwo anaswa lamulo lawo. Anapempha a Chanda kuti apeze dzina la Filimoni Mbewe. Linali pamenepo, Loweruka, ola lomaliza tsiku lisanathe, ndi zilembo zitatu zija.

A Chanda atamva kuti ndi mwana wawo anasiya kuseka. Anati nkhani yake ndi yaing'ono, atha kusintha mzerewo pomwepo n'kutulutsa pepala lina la Lamulungu. Zala zawo zinali kale pa mabatani.

"Chotsani dzanja, mwana wanga," anatero a Mbewe.

"Koma ndi cholakwika, mdala."

"Ndikudziwa. Mwini dzinalo ndinamuthamangitsa pakhomo chifukwa chosintha nambala imodzi pa pepala. Nditani naye ndikasintha yanga?"

A Chanda anakonza wotchi ya makinawo poyang'ana ya pa mkono wawo. Zilembo zija anazisiya, poti pa mndandanda wa m'makinamo sanapezepo za dziko lathu.

Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha, ndipo ndinakondwa. A Mbewe anatenga a Chanda pa njinga mpaka kunyumba, naitanitsanso a Zakeyu. Mnyamatayo anafotokoza zonse moona mtima, osasiyako ngakhale za China zija. A Zakeyu anazigwira pomwepo.

"Ndiye mwati likhoza kukhala la China? Kumeneko ikakhala usiku, kuno ndi Loweruka madzulo. Ndi nthawi imene ndinamusiya ine!"

"Ayi, amalume, ine ndikuti ndi Amerika, chifukwa..."

"Iwe ukuti. Makina sakuti. Ndipo ngakhale ikhale Amerika, mwana wa ku Lusaka iwe, makina akowa anaona alamu akulemba. Kodi anaona mwana akupuma?"

A Chanda anavomera kuti zimenezo makina sangadziwe. Amai Nabanda anamvetsera zonse manja ali pa miyendo. Pomaliza anathokoza mlendoyo, namupatsa maungu oti apite nawo, nati kwa amuna awo, "Akalaliki, zaka zonsezi makina sanama. Lero mwapeza munthu woti anene kuti ananama tsiku limodzi lokha, lomwe inu mukulifuna. Ine ndatopa. Musandibweretserenso alendo."

Zokolola zitatha, a Zakeyu anayamba kukamba za kumanga chiliza, ndipo anati palembedwe Loweruka monga mwa pepala. Sabata yomweyo kunali kukonzekera mgonero, pamene akulu a mpingo amakhala paokha n'kufunsana ngati pali chotsekereza. Abusa akuti anafunsa mwa chizolowezi, akutseka kale buku. A Mbewe anaimirira.

Ife tinamva Lamulungu, m'tchalitchi modzaza. Mlembi wa mpingo anawerenga zolengeza za chopereka ndi za kumanga chimbudzi, kenako mawu ake anatsika. Anati a Yotamu Mbewe, mkulu wa mpingo, adzipereka okha ku bwalo, kuti m'mawa wa tsiku limene mwana wawo anamwalira anachita mwambo wolavula madzi, ndipo mwanayo anamwa otsala. Anabisa zimenezi miyezi yonseyi akudya mgonero. Bwalo lawaika pa chilango ndipo lawatsitsa pa ukulu.

A Mbewe anatenga buku lawo la nyimbo ndi chipewa. Anayenda pakati pa mabenchi, kayendedwe kawo komwe kaja ka khosi lowongoka, kuchoka kutsogolo mpaka ku benchi yakumbuyo kumene amakhala a pa chilango. Anakhala pambali pa mtsikana wina amene iwo omwe anamuikako chifukwa cha mimba. Mtsikanayo anasendera, osadziwa koyang'ana. Ine ndinayang'ana ku mbali ya azimayi. Amai Nabanda anali atagwira benchi ya patsogolo pawo ndi manja onse awiri.

Anandiuza kuti pamenepo sanafunenso umboni wina. Mwamuna wawo ankamudziwa. Akanatha kunama kuti anapemphera, poti pemphero limamuveka munthu ulemu. Koma kudzinamizira chinthu chimene anazunzira nacho azakhali awo, n'kutaya nacho benchi imene ankaikonda kuposa chakudya, zimenezo sakanatha. Ndipo madzi aja munthu wakufa samwa.

Potuluka, a Mbewe anakankha njinga okha, anthu akuwapatuka. Amai anawatsatira pang'onopang'ono ndi miyendo yawo ija, nawapeza pa mtengo wa mango wa panjira, pamene anaima ngati akukonza tcheni.

"Anati chiyani?" anafunsa amai.

"Anaseka. Anati atate, mwalavulira pa nsapato zanu."

"Basi?"

"Anamwa madzi. Anati ndikuuzeni kuti musadzakwerenso njinga ya amalume, akuti anakuchenjezani dzulo kuti munthu wogulitsa mabuleki yake ilibe buleki."

Mawu amenewo Filimoni anawauza amai ake Loweruka lija akutsanzika, m'chipindamo muli awiri okha. Amai anakhala pansi pa muzu wa mango, nalira kulira kumene anakusunga chichokere pa maliro. Atatha anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Nanga osanena kalekale bwanji, atate ake Filimoni?"

"Ndinkaopa benchi," anatero.

Za chiliza anakanganabe. Amai anati palembedwe Lamulungu. A Mbewe anati pepala likuti Loweruka, ndipo pepala lodindidwa silitsutsidwa ndi simenti. A Zakeyu, amene tsopano ankalankhula motsitsa, anati iwo atopa, alembe chilichonse. Mukapita kumanda mudzaona kuti pa chiliza cha Filimoni pali mwezi ndi chaka chokha.

Chilango chitatha, abusa anawaitana kuti abwerere kutsogolo. Anakana mwaulemu, nati kumbuyo kumamveka bwino. Sindinganene kuti anasanduka munthu wofewa. Nkhuku ankazibwezabe, rula ankaigwirabe, ndipo ine anandibwezera mapepala ambiri chifukwa cha kadontho. Eyiti koloko inakhalabe eyiti koloko kwa onse, kupatula anthu amtundu umodzi. Akapeza pakhonde anthu odikira pepala la mtembo, ankamasula kiyi nthawi yomweyo, osayang'ana wotchi. Pepalalo likatuluka ankawawerengera tsiku mokweza, n'kufunsa kuti, "Ndi lero limeneli?" Ankadikira mpaka wina ayankhe, ndiye n'kudinda. Anthu ankadabwa nalo funsolo, ena ankaganiza kuti ukalamba wayamba.

Anagwira ntchito mpaka miyendo inakana kupalasa. Anadwala milungu yochepa, kunyumba, ndipo amai ndiwo anawatseka maso, masana, anthu alipo. Dzina lawo pa omwalira ndinalemba ndine. Ndinawerenga kawiri.

Kiyi tsopano ali ndi ine, chingwe chake chomwecho, ngakhale chimandizungulira m'chiuno n'kutsalako. Makina akadali pa tebulo pansi pa chitenje cha amai, chimene chayamba kuyera m'mapindiro. Ola lake ndi lathu tsopano, koma zilembo zitatu zija zikadalipo pambali pa dzina lililonse, ndipo mzere wa Filimoni ukunenabe Loweruka. Pa khoma la khonde, kumanja kwa chitseko, laimu anada n'kusalala pamene ankatsamira msana wa jekete, ndipo m'munsi mwake muli kamzere kamene chopondera cha njinga chinakanda. Anthu odikira m'mawa amadzaza khonde lonse mpaka pa masitepe, koma pamenepo satsamirapo.

Lamulungu lapitali ndinachedwa ku tchalitchi, ndipo ndinaima pa chitseko. Benchi yakumbuyo inali yodzaza ndi anyamata, othithikana mapewa, koma kumapeto kwake, pafupi ndi chitseko, anasiyapo mpata wa munthu mmodzi. Thabwa lake pamenepo ndi lonyezimira, ndipo msomali umene ankakolekapo ndodo masiku omaliza ukadali pa khoma. Kutsidya kwa kanjira, pa benchi yomaliza ya azimayi, kumene anasamukira chaka cha chilango chija osauzidwa ndi munthu, panali amai Nabanda, buku la nyimbo lili chotseka pa miyendo.